Chiletso "chakwezedwa" kapena chachotsedwa? Yankho kwa achemwali a ku England pa mawu akuti "lift"

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akugwira ntchito yosamalira okalamba kumpoto kwa England. Andilola kuwayankha poyera, bola ndisatchule dzina lawo ngakhale malo amene amagwira. Kalata yawo inali yaitali, koma mtima wake ndi uwu:

"Aphunzitsi, ku sekondale tinaphunzira kuti 'lift' ndi kunyamula kapena kukweza. Kuno mawu amenewa andizunguza mutu. Kuntchito kwathu kunagwa matenda otsegula m'mimba, ndiye achibale anawaletsa kubwera kudzazonda okalamba. Patapita milungu iwiri ndinapeza chikalata pachitseko chakuti 'Visiting restrictions have been lifted.' Ine ndinamva kuti chiletso chakwezedwa, ndiye kuti chakhwima. Bambo wina atabwera kudzaona mayi ake ndinamubweza pakhomo. Anakwiya, ndipo abwana anandiitanira mu ofesi. Madzulo ake mnzanga anandifunsa kuti 'Do you want a lift?' ndili chiimire pafupi ndi chikepe, chimenenso amachitcha 'lift'. Kodi mawu amodzi angatanthauze bwanji kukweza, kuchotsa, chikepe ndi galimoto?"

Achemwali, choyamba pepani. Ndikudziwa mmene zimapwetekera kuitanidwa mu ofesi kudziko la eni pa nkhani imene mumaona ngati mwachita bwino. Si umbuli umene unakulakwitsani. Munatsatira mokhulupirika zimene tinakuphunzitsani. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri ndipo ndikudziwa kaphunzitsidwe kathu: pabolodi mawu a Chingerezi kumanzere, a Chichewa kumanja, ana n'kuloweza. Pa mayeso zimathandiza. Koma mawu ngati lift sakwana m'bokosi limodzi la Chichewa, ndipo kuloweza matanthauzo khumi sikungakupulumutseni, chifukwa tsiku lina mudzakumana ndi lakhumi ndi chimodzi. Chimene chingakuthandizeni ndi kuona chithunzi chimene Mngelezi ali nacho m'mutu akamatchula mawuwa. Chithunzicho mumachidziwa kale, munakulira nacho.

Takumbukirani mayi akuchokera kumjigo, ndowa ya malita 20 ili pamutu, khosi litauma. Akafika pakhomo amaitana kuti, "Iwe, dzanditule!" Mwana wamkulu amathamanga n'kugwira ndowa uku ndi uku. Tsopano onetsetsani manja ake. Sakokera ndowa pansi, chifukwa akatero madzi akhuthukira pamsana pa mayi ndipo khosi lipindika. Amayamba waikweza kaye pang'ono, mwina chikhatho chimodzi chokha, kuti ichoke pankhata. Mayi amawerama n'kuchoka pansi pake, kenako ndowa ija imatsika. Ife ntchito yonseyi tinaitcha dzina poyang'ana mathero ake, pamene katundu wafika pansi: kutula. Mngelezi anaitcha dzina poyang'ana chiyambi chake, pamene katundu wangonyamuka pamutu: lift. Ntchito ndi imodzi, phindu lake ndi limodzi, mayi apuma. Kusiyana n'kwakuti maso athu ndi ake akuyang'ana mphindi zosiyana.

Chiletso Mngelezi amachiona ngati katundu wosenzetsedwa. Mvetserani mawu amene amayenda nacho. Boma likamaletsa chinthu amati "impose a ban on" kapena "place restrictions on", kuika pamwamba pa anthu. Anthu oletsedwawo amati ali "under restrictions", pansi pake. Ndiye tsiku lochotsa chiletsocho likafika, chimachoka ngati ndowa ija: amachinyamula kuchichotsa pamutu pa anthu. Chikalata cha pachitseko chanu chinkanena kuti achibale atulidwa, khomo latseguka.

Nkhani zikuluzikulu za m'mbiri zinalembedwa ndi mawu amenewa. Pa 2 February 1990, F. W. de Klerk, amene anali pulezidenti wa South Africa pa nthawiyo, anaima m'nyumba ya malamulo ku Cape Town n'kulengeza kuti zipani zolimbana ndi ulamuliro wa tsankho za ANC ndi PAC, komanso chipani cha chikomyunizimu, sizoletsedwanso. ANC inali italetsedwa kuyambira mu 1960. Olemba nkhani m'Chingerezi amati iye "lifted the ban". Patangopita masiku 9, pa 11 February, Nelson Mandela anatuluka m'ndende atakhalamo zaka 27. Munthu womva lift ngati kukhwimitsa akanalira pa tsiku limene ena ankavina m'misewu ya Soweto.

Pali nkhani ina imene ndimakonda kuuza ophunzira chifukwa matanthauzo awiri a mawuwa amakumana m'menemo. Mu June 1948 dziko la Soviet Union linatseka misewu, njanji ndi ngalande zonse zolowera kuchigawo cha kumadzulo cha mzinda wa Berlin ku Germany, kumene kunkakhala anthu opitirira 2 miliyoni. America ndi Britain, pamodzi ndi anzawo, anayamba kutumiza chakudya ndi malasha pandege usana ndi usiku. Ndege zinapanga maulendo opitirira 270,000 ndipo zinanyamula katundu woposa matani 2 miliyoni, wambiri mwa iye malasha. Ntchito imeneyi imatchedwa Berlin Airlift, kunyamula katundu kudzera mumlengalenga. Pa 12 May 1949 a Soviet anatsegula njira, ndipo m'Chingerezi amati "the blockade was lifted". Lift woyamba ndi wokweza matumba m'mwamba. Wachiwiri ndi wochotsa chotchinga. Onsewo chinthu chanyamuka pamene chinali.

Ndiye mukaona lift, funso loyamba likhale lakuti: chimene chanyamulidwacho n'chiyani? Ngati n'chinthu chopsinja kapena chomanga anthu, monga "ban", "restrictions", "curfew", "sanctions", "suspension", "lockdown", dziwani kuti chachotsedwa. Wochita malonda a chimanga akawerenga munyuzi kuti "Government lifts ban on maize exports", akonze matumba, malire atseguka. Chifunga nachonso chimatero. Chiperoni chikaphimba minda ya tiyi ku Thyolo kenako n'kuyera, Mngelezi amati "the fog has lifted". Sakunena kuti chifunga chachuluka. Chachoka, msewu ukuoneka.

Koma ndisakunamizeni kuti lamuloli lilibe dzenje. M'masamba a zachuma atolankhani amalemba kuti "lifted profits" kapena "lifted sales", ndipo pamenepo akutanthauzadi kukweza: phindu lakwera, malonda akwera. Chinthu chikakhala nambala, lift amachikweza. Chikakhala goli, amachichotsa. Povuta ndi pamene chinthu chili zonse ziwiri, monga malire a ndalama kapena a chiwerengero cha anthu, amene amati "cap" kapena "limit". "Raise the cap" ndi kukweza malirewo, anali 10 tsopano ndi 15. "Lift the cap" kawirikawiri ndi kuwachotseratu, koma alipo olemba ena amene amagwiritsa ntchito mawuwa pofuna kunena kukweza. Ngakhale eni chinenero amasokonezana pamenepa. Mukakumana nazo pa nkhani ya maola a ntchito kapena ya mapepala anu okhalira m'dzikomo, musaganizire. Funsani kuti, "Has it been removed or increased?" Palibe amene angakuoneni ngati wosadziwa Chingerezi chifukwa cha funso limeneli.

Izi zandifikitsa pa "raise", mbale wake wa lift, amene pantchito yanu ndi wofunika mwina kuposa lift yemwe. Raise ndiye amagwirizana kwambiri ndi kukweza kwathu, komanso kudzutsa ndi kutukula. Kukweza mitengo ya zinthu ndi "raise prices". Kukweza mawu ndi "raise your voice". Kusonkha ndalama, monga mmene mumachitira pa gulu la WhatsApp wina akamwalira kuti thupi libwerere kumudzi, ndi "raise money". Kulera ana ndi "raise children", ngakhale ku Britain mudzamvanso kwambiri "bring up". Pa kusonkha ndalama ndi kulera ana lift salowa. Simunganene kuti "I lifted three children" pofuna kunena kuti munalera ana atatu. Adzamva kuti munawanyamula m'manja.

Ndipo pali mawu awa amene ndikufuna muwasunge pamtima: "raise a concern". Mukaona gogo ali ndi chilonda kapena zipsera zosadziwika chiyambi chake, kapena mnzanu akumulankhula mwankhanza, ntchito yanu imafuna kuti mudzutse nkhaniyo kwa akuluakulu. Amati "raise it with the manager". Nkhani inali chigonere, inu mwaidzutsa kuti ioneke. Apa mukanena lift simumveka, ndipo wina angaganize kuti nkhawayo yatha. Raise amaimika chinthu poyera kuti anthu achione, pamene lift amachichotsa pamene chinatsamira. Kusiyana kumeneku kungateteze gogo wina, kungatetezenso ntchito yanu.

Za "rise" ndingodutsamo. Raise amafuna wochita ndi chochitidwa, rise chinthu chimakwera chokha. "They raised the rent", eni nyumba akweza lendi. "The rent has risen", lendi yakwera. Malipiro akakwera, ku Britain amati "a pay rise", ku America amati "a raise". Lift amayenda mbali zonse ziwiri, mungathe kunyamula chinthu kapena chinthu n'kunyamuka chokha ngati chifunga chija, ndipo savuta kusintha: lift, lifted, lifted.

Tsopano za mtima, pamene Chichewa ndi Chingerezi zimayenda mofulatirana. Tsiku lina mudzamva mwana wa gogo wina akukuthokozani kuti, "Your singing really lifted her spirits." Musamasulire m'mutu kuti mwakweza mtima wake. Kwathu mtima ukakhala m'mwamba ndiye kuti zinthu sizili bwino. Mayi amene mwana wake sanafike mpaka usiku amati, "Mtima wanga uli m'mwamba." Mwana uja akalowa, mtima umakhala pansi. Potonthoza munthu timati khazikani mtima pansi. Ndipo munthu wodzikweza sitimutamanda. Kwa ife mtendere uli pansi. Kwa Mngelezi chisoni ndicho chili pansi: wokhumudwa amati ali "down" kapena "low", ndipo chomusangalatsa chimamunyamula. Ndiye "lifted her spirits" m'chinenero chathu ndi kumutsitsimula, kumusangalatsa. Pokhapokha pamene zinenero ziwirizi zimagwirizana ndi pa katundu uja. Mngelezi akati "a weight has been lifted off my shoulders", ife timati ndapepukidwa, ndatula. Ndowa ija yabweranso.

Ndakhalitsa pa matanthauzo ophiphiritsa, koma tanthauzo lenileni la kunyamula ndi manja ndilo limene lingakuvulazeni thupi. Ku Britain kuli malamulo a mu 1992 okhudza kunyamula zinthu pantchito, ndipo m'nyumba zosamalira okalamba amawatsatira kwambiri. Akakuuzani kuti "Don't lift her on your own", sakukayikira mphamvu zanu. Ndikudziwa kuti kwathu munthu wodwala timamunyamula tokha, kumukhazika, kumusambitsa, ndipo kuyembekeza makina kumaoneka ngati kuuma mtima. Koma gogo akagwa pansi n'kumudzutsa pomukoka m'khwapa, mungamugumule phewa, inunso msana n'kuthyoka, ndipo mlandu udzakhala wanu. Makina onyamulira munthu kumuchotsa pabedi kumuika pampando samawatcha lift kawirikawiri, amati "hoist", ndipo kansalu kamene munthuyo amakhalamo ndi "sling". Kampando koyenda m'mbali mwa masitepe m'nyumba za anthu ndiko "stairlift".

Chikepe ndi chosavuta. Chimanyamula anthu, ndiye a ku Britain anangochitcha lift, monganso amachitira ku South Africa ndi kwathu kuno. A ku America amati "elevator". Zikepe zonyamula katundu zinalipo kalekale, koma anthu ankaopa kukweramo chifukwa chingwe chikaduka kunalibe chogwira. Mu 1854, pa chionetsero ku New York, Elisha Otis anaima pathandala lokwezedwa m'mwamba n'kulamula kuti chingwe chidulidwe anthu akuona. Thandala linatsika pang'ono n'kuima, chifukwa anali atapanga zitsulo zoluma m'mbali chingwe chikamasuka. Dzina lake mudzaliona lolembedwa m'zikepe zambiri mpaka lero. Mukalowamo kumbukirani kuti ku Britain pansi penipeni ndi G, ndipo 1 ndi nyumba yosanja yoyamba pamwamba pake, pamene ku America 1 ndi pansi. Chikwangwani chakuti "In the event of fire do not use the lift" chimveni momwemo: moto ukabuka, tsikani pamasitepe.

Mnzanu uja sankanena za chikepe. Ankafuna kukutenganiko pagalimoto yake. Tanthauzo limeneli tinabwereka kale, timati kupempha lifiti. Koma samalani, lifiti ya ku England si matola. Kwathu ukaimika lole kapena pikapu pamsewu wa M1 umadziwa kuti potsika upereka kenakake. Kumeneko mnzanu wa kuntchito akati "I'll give you a lift", ndi ulere, ndipo kumutulutsira ndalama pa ulendo umodzi kungamuchititse manyazi. Zikakhala za tsiku ndi tsiku, ndi ulemu kunena kuti muthandizeko pa mafuta, amati "petrol money". Abale athu a ku Johannesburg ndi Cape Town amadziwa "lift club", anthu ogwira ntchito dera limodzi amene amasonkherana mafuta n'kumayendera galimoto imodzi. Ku America sanena lift kwambiri pa tanthauzo ili, amati "ride", ngakhale kampani ina ya kumeneko yonyamula anthu, Lyft, dzina lake likumveka chimodzimodzi.

Pali tanthauzo lina lamdima limene muyenera kulidziwa chifukwa mumagwira ntchito m'zipinda za anthu, pakati pa mphete ndi zikwama zawo. Lift ndi kubanso. Chithunzi n'chomwecho, chinthu chanyamuka pamene chinali, koma tsopano mwini wake sanapepukidwe, walandidwa. Kuba m'sitolo ndi "shoplifting", mawu amene akhalapo kuyambira zaka za m'ma 1600. Wina akati "Someone lifted my purse", akunena kuti amusolola kachikwama. Wophunzira amene wakopera ndime m'buku la wina n'kuipereka ngati yake amati "he lifted the paragraph". Apa Chichewa sichidabwa, chifukwa ifenso timati akuba alowa anyamula zonse. Timatinso apolisi amunyamula usiku, ndipo ku Scotland ndi ku Northern Ireland mudzamva anthu akunena kuti "he got lifted", apolisi amugwira. Ndiye mukasuntha katundu wa gogo pokonza m'chipinda, polemba lipoti gwiritsani ntchito "moved" kapena "put away". Mawu amenewa sasiya mpata wa maganizo ena.

Ena ang'onoang'ono mudzawatola nokha. "He didn't lift a finger" ndi munthu amene anangokhala manja lende ena akugwira ntchito. "The heavy lifting" ndi chigawo chowawa cha ntchito iliyonse, ngakhale ya pakompyuta. Kaputeni wa timu yopambana chikho amati "lifted the trophy". Alimi a ku Britain pokumba mbatata ya kachewere amati "lifting potatoes". "Facelift" ndi opaleshoni yokoka khungu la nkhope, koma amanenanso za nyumba kapena msika umene aukonza kuti uoneke watsopano. "Forklift" mumaidziwa, galimoto yaing'ono yonyamulira katundu wolemera, ili m'mafakitale ndi m'nyumba zosungira katundu.

Popeza muli kumpoto kwa England, ndikuuzeni kumene mawuwa anachokera, chifukwa muli pakhomo pake. Lift sanali mawu a Angelezi oyambirira. Anabwera ndi anthu a ku Scandinavia, a Viking, amene anayamba kuukira magombe a England chakumapeto kwa zaka za m'ma 700, n'kulanda mzinda wa York mu 866, kenako n'kukhazikika, kukwatira ndi kulima m'dera lonselo. M'chinenero chawo "lypta" kunali kukweza, ndipo mawuwa ndi apachibale ndi "lopt", mlengalenga. Kuchokera pa muzu womwewo kunabwera "loft", kachipinda ka kudenga kumene Angelezi amasungako masutikesi, ndipo m'Chijeremani mpweya ndi "Luft", monga m'dzina la ndege za Lufthansa. Raise nayenso anabwera ndi anthu omwewo. Ndiye pansi pa zonse lift ndi kupereka chinthu kumpweya, kuchisiyanitsa ndi chimene chinatsamira. Akatswiri a ndege mphamvu imene mapiko amapeza mumpweya, yolimbana ndi kulemera kwa ndege, amaitcha lift, ndipo chombo cha m'mlengalenga chikamanyamuka amati "lift-off".

Za bambo munawabweza aja, musawazembe. Akadzabweranso apezeni pakhomo pomwepo n'kuwauza kuti, "I'm sorry about the other day. I misread the notice." N'zokwanira, simufunika kufotokoza za sekondale kapena za ine. Munawabweza pofuna kuteteza mayi awo omwe ku matenda, ndipo ndikhulupirira kuti mtima ukakhala pansi adzaona zimenezo. Kwa abwana, pemphani kuti zikalata za pachitseko azilembanso m'mawu achindunji, monga "Visitors are welcome again". M'nyumba ngati yanuyo mumagwira anthu ochokera m'mayiko ambiri, ndipo sindikukayika kuti alipo ena amene anawerenga chikalatacho monga munachiwerengera inu, koma anangokhala chete. Kumeneko ndiye "raising a concern" kwanu koyamba.

Mnzanu wa galimoto uja akadzakufunsaninso, muyankheni kuti, "Yes please, if it's on your way." Mu December kumeneko dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo pamalo odikirira basi pamazizira mpaka m'mafupa.